Ndege ya a Chilima siichoka m'maganizo mwanga

FUNSO: Mpaka lero ndikamva kulira kwa ndege mtima umandigunda, ndimakumbukira a Saulos Chilima. Amuna anga amati ndikukokomeza poti sanali m'bale wanga. Kodi ndikulakwa? Nanga inuyo uthengawu unakupezani bwanji? — Mayi wa ku Mchesi, Lilongwe

YANKHO: Mayi, simukulakwa ngakhale pang'ono. Ine unandipeza m'minibasi Lolemba madzulo, pa 10 Juni 2024. Mnyamata wina anatiwerengera pa WhatsApp kuti ndege ya asilikali yomwe inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti kupita kumaliro a Ralph Kasambara, nduna yakale ya zachilungamo, yalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo sikudziwika komwe ili. Kondakitala anasiya kutolera ndalama. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza.

Usiku umenewo sindinagone. Wailesi ili pamtsamiro, ndinkadziuza kuti Chikangawa, komwe ankasaka ndegeyo, ndi nkhalango yaikulu, mwina atera penapake, akungodikira kuti kuche. Chiyembekezo chimenecho ndiye chinatipweteka kwambiri, chifukwa Lachiwiri masana pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, atalengeza kuti ndegeyo yapezeka ndipo anthu onse 9 amwalira, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, omwe kale anali mkazi wa pulezidenti wakale Bakili Muluzi, miyendo inandizizira, ndinangokhala pansi pakhonde.

Dziko linalira masiku 21, ndipo ambiri amene anakhamukira ku Nsipe ku Ntcheu kukaika maliro a Chilima sanali abale ake. Afotokozereni bambowo zimenezi modekha. Koma ngati mtima ukukusowetsani tulo mpaka pano, kaonaneni ndi aphungu kuchipatala kapena abusa anu.