Ma elf akhale ndi moyo zaka zingati? Yankho kwa wopanga modi

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa inu owerenga. Iye akupanga modi yakeyake (gemu yosinthidwa ndi wosewera) ya Crusader Kings III, gemu ya pakompyuta yolamulira mafumu ndi mibadwo yawo: wachotsamo mapu a dziko lenileni n'kuikamo dziko lopeka la mitundu inayi, anthu, ma elf, ma dwarf ndi ma orc (atatu omalizawa ndi zolengedwa za m'nthano zonga anthu). Funso lake linali lakuti: "Mtundu uliwonse ndiupatse zaka zingati? Ma elf ndinawapatsa zaka 750, ma dwarf 350, monga zilili mu Dungeons & Dragons. Koma pakangodutsa zaka 200 ma elf amakhala atameza aliyense, gemu nayonso imayamba kukwawa. Ndalakwitsa pati?"

M'bale wanga, zikomo pondilembera. Manambala amenewo simunawakopere molakwa ayi. M'malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014 (awa ndi masewera a patebulo ongoyerekeza nkhani), elf amafikadi zaka 750 ndipo anzake amayamba kumuyesa wamkulu akakwana zaka 100, pomwe dwarf amakhala zaka pafupifupi 350. Kungoti manambalawo anapangidwira masewera ena. Kumeneko mumasewera ngati munthu mmodzi pa ulendo wa miyezi kapena zaka zochepa, choncho zaka 750 zimangokhala papepala ngati chokometsera nkhani. Palibe amene amazidikira kuti zithe.

Mu Crusader Kings zaka zimathadi. Mukayamba mu 867, gemu imakatha mu 1453, zomwe ndi zaka 586. Mukayamba mu 1066 muli ndi zaka 387 zokha. Ndiye taonani: elf amene wabadwa tsiku loyamba la gemu yanu adzakhala akadali ndi zaka 164 zotsala pa tsiku lomaliza. Pa nthawi yomweyo ufumu wa anthu woyandikana naye, ngati mfumu iliyonse ikulamulira zaka 30, udzakhala utaika maliro a mafumu pafupifupi 20.

Apa m'pamene pagona nkhani. A Paradox, kampani yomwe inapanga Crusader Kings, anamanga gemu imeneyi pa imfa. Mfumu ikamwalira, dziko limagawidwa pakati pa ana ake malinga ndi lamulo la partition, lomwe maufumu ambiri amakhala nalo kwa zaka mazana. Wolowa ufumu amayamba ndi chilango cha short reign (ulamuliro wongoyamba kumene), mafumu a pansi pake samukhulupirira, abale ake amene ali ndi ufulu wolowa pampando amayamba kusonkhanitsa magulu oukira. Mapangano a nkhondo amene bambo ake anamanga kudzera m'maukwati, ena amathera pomwepo. Zonsezi zimabweza ufumu waukulu m'mbuyo pakapita m'badwo uliwonse, n'chifukwa chake mapu samakhala a mtundu umodzi. Inu mwachotsera ma elf vuto limeneli, anzawo onse n'kuwasiyira. Ameza dziko chifukwa ndi okhawo amene sagwa, ngakhale asilikali awo atakhala ofanana ndi a ena.

Onjezerani pamenepo zomwe mfumu imakundika ikakhalitsa. Long reign (kulamulira nthawi yaitali) imapangitsa kuti apansi ake azimukonda kwambiri zaka zikamapita. Maluso a lifestyle (amene munthu amaphunzira pa moyo wake), amene munthu wamba amamwalira atangotsegulako ochepa, elf amawatsegula onse, a nkhondo, a chuma, a ukazitape, osasiyako. Ndalama, ulemu, zonse zimangounjikana pa munthu mmodzi. Amene amasewera Europa Universalis IV, gemu ina ya a Paradox, amalidziwa vuto lomweli mwa njira ina. Kumeneko wolamulira amakhala ndi manambala atatu oyeza luso lake, kuyambira 0 mpaka 6, ndipo mu modi ngati Anbennar, momwe ma elf amakhalitsa, mfumu yaluso imakhala dalitso la mibadwomibadwo, pomwe yopanda luso ndi goli losatha.

Tsopano za kukwawa kwa gemu. Ndikuganiza kuti munagwiritsa ntchito immortal = yes mu fayilo ya ma trait, ya zikhalidwe za anthu a mu gemu. Mzere umenewu umaletsa imfa ya ukalamba, umaimitsa nkhope kuti isakalambe, koma umachititsanso kuti kubereka kuzitsatira zaka zimene munthuyo akuoneka nazo. Mu gemu yosasinthidwa mkazi amabereka kuyambira zaka 16 mpaka cha m'ma 45, zaka 29 basi. Elf amene akuoneka wa zaka 30 mpaka kalekale sasiya kubereka.

Ine ndinazionera ndekha nditayesa modi yanga yoyamba. Ndinalemba observe (lamulo longoonerera) mu console, polembera malamulo a gemu, n'kuisiya gemu kuti izidziyendera usiku wonse. M'mawa ndinatsegula banja la mfumukazi ina ya ma elf. Mndandanda wa ana ake sunakwane pa sikirini. Mwana woyamba anali wa zaka zoposa 200, womaliza anali khanda la miyezi, onse amoyo, aliyense ndi ana ake, zidzukulu, zidzukulutudzi, ndipo aliyense wa iwo kompyuta imayenera kumuwerengera ukwati, ziwembu ndi maganizo ake pa anzake. Mwezi umodzi wa mu gemu unkatenga nthawi imene poyamba inkakwanira chaka. Imfa mu gemu imeneyi imagwiranso ntchito ya tsache, ndipo ine ndinali nditalibisa tsachelo.

Ndiye choyamba chokonza ndi kubereka, zaka zibwere pambuyo. Lamulo limene ndimatsatira n'lakuti elf pa moyo wake wonse akhale ndi ana ochuluka mofanana ndi munthu, kapena ocheperapo. Ngati nthawi yake yobereka ndi zaka 145, kutanthauza kasanu kuposa ya munthu, fertility (mphamvu yobereka) yake itsike kasanu. Mukatero mwana mmodzi wa mfumu ya ma elf amasanduka chinthu cha mtengo wapatali. Akafera kunkhondo, wosewera amamva kuwawa kwenikweni, chifukwa wina mwina adzabadwa pakatha zaka 40. Mantha amene munawachotsa pochotsa ukalamba amabwereranso kudzera kwa mwanayo.

Pa manambala enieni, nawa amene ine ndingasankhe, ndipo awa ndi maganizo anga chabe. Anthu asiyeni momwe alili, chifukwa gemu yonse inayezedwa pa iwo. Ma dwarf apatseni zaka 150 mpaka 180. Ma elf afike 250, mukafuna 300. Gwiritsani ntchito life_expectancy (kutalika kwa moyo) ndi health (thanzi) m'malo mwa immortal. Elf akalowa ufumu ali ndi zaka 100 n'kumwalira pa 250, walamulira zaka 150, ndipo pa zaka 586 ufumu wake udzaona mafumu anayi. Anayi poyerekeza ndi 20. Kusiyanako wosewera aliyense adzakumva, koma ufumuwo udzagwedezekabe katatu, ndipo kugwedezeka kwake kudzakhala koopsa chifukwa pofika nthawiyo abale onse amene akhala akudikira kwa zaka 100 adzakhala ndi asilikali awoawo.

Mwina munena kuti 250 ikuchepa, elf weniweni safa. Ndikumvetsa, inenso ndimakonda ma elf osafa. Koma ngakhale Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, amene ma elf ake safa ndi ukalamba, anawapatsa njira yochokera: amatopa nalo dziko n'kuwoloka nyanja kupita kumadzulo. Aragorn wa m'buku lomwelo, amene anali wa mtundu wa anthu okhalitsa, anakhala zaka 210. Ngati mukufuna kusunga kusafa, lembani event (chochitika cha mu gemu) yofanana ndi imeneyo. Mfumu ikalamulira zaka zambiri, stress (nkhawa) yake izikwera pang'onopang'ono, makamaka mnzake kapena mwana wake akamwalira, mpaka itule pansi udindo n'kuchoka m'dziko. Ku mbali ya gemu, kuchoka kumeneko ndi imfa yomweyo: dziko ligawidwa, wolowa ufumu ayamba pansi. Ku mbali ya nkhani, elf wanu sanafe.

Ma orc ndiwo ambiri amawaiwala, chonsecho vuto lawo ndi lomweli koma lotembenuzidwa. Mukawapatsa zaka 40, kumbukirani kuti msinkhu wa munthu wamkulu mu gemu ndi zaka 16, ndipo nambala imeneyi ili mu ma defines (fayilo ya manambala oyendetsera gemu), ndipo ndi yofanana kwa mitundu yonse. Orc wobereka ali ndi zaka 28 n'kumwalira pa 40 amasiya mwana wa zaka 12 pampando. Zikachitika m'badwo uliwonse, ufumu wa ma orc umangokhala m'manja mwa osunga mpando, n'kumagawikagawika mpaka kutheratu. Apatseni zaka 55 kapena 60. Ngati mukufunabe kuti azifa msanga, apatseni lamulo lolowera ufumu loti wamphamvu kwambiri m'banjamo atenge zonse, osagawa. Akatero moyo wawo waufupi umasanduka mphamvu: mfumu yofooka siikhalitsa, ndipo chikhalidwe chabwino cha m'magazi chimafala msanga chifukwa mibadwo yawo imathamanga. Nambala ya 16 yomweyo ikutanthauzanso kuti elf wanu adzakhala wamkulu pa 16, osati pa 100. Musalimbane nazo. Mupatseni trait ya ubwana imene imachepetsa ulemu umene ma elf anzake amamupatsa mpaka atafika zaka 60 kapena 100, basi.

Chinthu china chimene simunafunse koma chikudikira kutsogolo ndi maukwati a mitundu yosiyana. Kompyuta idzakwatitsa elf ndi munthu ikangoona phindu la pangano, ndipo muyenera kusankhiratu kuti mwana wobadwayo adzakhala zaka zingati. Mukamusiya kuti atenge zaka za kholo lokhalitsa, wosewera aliyense wanzeru adzayamba gemu pofunafuna mkazi wachi elf, ndipo pakatha mibadwo itatu mafumu onse pa mapu adzakhala osafa. Ine ndimapanga trait yapadera ya mwana wosakanizika, ya zaka pafupifupi 120, ndipo mwana wake akakwatirananso ndi munthu zakazo zimabwerera mwakale. Ndimachepetsanso kubereka pa maukwati oterewa.

Koma chonde musawaletseretu. Pa zonse zimene ndinaona m'modi yanga, chimene sindiiwala ndi mfumu ya ma elf imene ndinaikwatitsa kwa mwana wa mfumu ya anthu, pongofuna asilikali a bambo ake. Zithunzi zawo zinali pamodzi pa sikirini, onse achinyamata. Zaka zinapita, ine ndili kalikiliki ndi nkhondo. Tsiku lina nditatsegula tsamba la mfumuyo ndinapeza mkaziyo tsitsi lili mbuu, nkhope itachita makwinya, mwamuna wake ali pambali pake chimodzimodzi monga pa tsiku la ukwati. Atamwalira mkaziyo, mwana wawo wosakanizika anali kale ndi imvi, akudikira ufumu umene ankadziwa kuti sadzaulowa, chifukwa bambo ake anali ndi zaka zina 150 kutsogolo. Pasanapite nthawi analowa m'gulu la oukira. Ine sindinalembe event iliyonse ya zimenezi, zinachokera mu manambala awiri a mu fayilo ya ma trait.

Musanaike modi yanu pa Steam Workshop, malo a pa intaneti ogawanirana ma modi, sinthani kubereka poyamba, kenako zaka, n'kuiyendetsa pa observe kuyambira pachiyambi mpaka zaka 300 zitadutsa, katatu kapena kanayi. Nthawi iliyonse jambulani mapu pa chaka cha 100, cha 200 ndi cha 300, muwerengenso ana amoyo a mfumu yakale kwambiri ya ma elf. Mukanditumizira zithunzizo pamodzi ndi fayilo yanu ya ma trait, ndidzaziona mzere ndi mzere n'kukuyankhani.