Funsani Amalume: Bambo akufuna wailesi, ine ndimati ndiwagulire foni

FUNSO

Amalume muli bwanji kumeneko. Ine ndi mnyamata wa zaka 27, ndimagwira ntchito ya ulonda ku Moatize koma kwathu ndi ku Dómuè, Angónia. Mwezi watha nditapita kumudzi ndinapeza wailesi ya bambo itafa, ija yakalekale yomwe amamanga ndi mphira kuti mabatire asagwe, ndiye ine ndimati ndiwagulire foni yaikulu kuti tizilankhulana pa WhatsApp koma iwo akanitsitsa akuti akufuna wailesi basi, mpaka anandikwiyira. China chomwe chimandiwawa nchoti akakhala nayo wailesiyo amangotchera za ku Malawi tsiku lonse, mtengo wa feteleza ku Lilongwe amaudziwa koma za kwathu kuno ayi. Kodi wailesi ikadali ndi ntchito masiku ano? Ndisataye ndalama pachabe.

Mnyamata wa ku Moatize

YANKHO

Mphwanga, agulire wailesi bambo akowo ndipo usachedwe nazo. Foni idzabwera pambuyo.

Taganiza kaye za foni ukuinenayo ikafika ku Dómuè. Ifuna kutchaja, ifuna mamega omwe uzitumiza ndiwe mwezi ndi mwezi, ifuna netiweki yomwe mwina imagwira ukakwera pachulu, ndiye pamwamba pake zambiri za boma lathu zimabwera zolembedwa mu Chipwitikizi, bambo ako azikafunsa ndani kuti awawerengere? Wailesi imawalankhula m'chilankhulo chomwe anayamwira. Amaikoleka pa nthambi kumunda uku akupalira, amaiika pa khonde uku akusankha fodya, ndipo sakumva okha, mayi ako akumva ali pamoto, ana akumva, mlendo wodzapempha khasu nayenso amakhala kaye pansi kuti nkhani zithe. Foni ndi ya munthu mmodzi, amaweramira yekha.

Za ku Malawi zija usawaweruze msanga, ine ndikuwamvetsa chifukwa ndi a msinkhu wanga. Nkhondo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980 anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino la Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ife a ku Angónia ambiri tinangowoloka kukakhala mbali ya Dedza ndi Ntcheu. Kwathu tinathawa ndi mphasa, mapoto awiri ndi wailesi ya Xirico yomwe malemu bambo anga anaikulunga mu chitenje ngati khanda. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pamwala kuti madzulo alankhuleko pang'ono, ndipo ana tinkaletsedwa kuigwira. Pa 4 October 1992, Joaquim Chissano, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, atasainirana mtendere ku Rome, ife tinamva pa kawailesi komweko, amuna atazungulira pansi pa mtengo wina akuti khalani chete timve bwino, amayi ena anayamba kulira osadikira kuti nkhani ithe. Munthu amene anamva kuti abwerera kwawo kudzera mu kabokosi kotere sungamuuze kuti wailesi ndi chinthu chachikale. Ndipo zaka zonse zija mnzathu wa tsiku ndi tsiku anali MBC, wailesi ya boma la Malawi, khutu linazolowera.

Komanso usaiwale pomwe tili. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mbali zina ndiwo malire enieni, uku Malawi uku Mozambique, chilankhulo nchimodzi, maukwati ndi amodzi, kachewere wathu ndi kabichi zimagulitsidwa pa Lizulu. Mawu a wailesi safunsidwa pasipoti pa chipata cha malire cha Calómuè. Ndiye mlimi kudziwa momwe kwacha ikuyendera ndi mitengo ya tsidya lija sikupusa ayi, ndi bizinesi yake.

Koma pamene ukunena zoona ndi apa, ndipo ndikufuna bambo ako ukawauze mwaulemu. Wailesi ya ku Lilongwe singakuuze tsiku lomwe akatemera afike pa mudzi wako, singakuuze kalembera wa mavoti wa kuno wayamba liti, kapena kuti opanga ziphaso za unzika (BI) abwera pa ofesi ya boma ya posto sabata ino. Mu 2022 poliyo atapezeka ku Changara boma linayendetsa katemera khomo ndi khomo maulendo angapo, ndipo masiku ake amalengezedwa ndi mawailesi a kuno. Iwe uli ku Moatize ukukumbuka January 2022, namondwe Ana atadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho unaduka, mu 2019 mtsinje womwewo unalowa m'nyumba za anthu usiku, mu 2023 Freddy anavutitsa abale athu a ku Mutarara. Machenjezo a INAM, bungwe loona za nyengo, ndi INGD, bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amanena za mitsinje yathu ndi maboma athu, ndipo magetsi akathima foni nkuzima, chomwe chimatsala chikulankhula ndi kawailesi ka mabatire. Munthu amene khutu lake lili tsidya lina lokha zoterezi zimamudutsa.

Ndipo sikuti kuno kulibe chomvera. Rádio Moçambique, yomwe inayamba mu 1975, ili ndi nthambi yake ya ku Tete imene imaulutsa mu Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena kuphatikiza pa Chipwitikizi. Lamulo la dziko la 1990 ndi lamulo la atolankhani la 1991 zitatsegula khomo, pang'onopang'ono kunabwera mawailesi a m'madera, ena ali pansi pa ICS, bungwe la boma lofalitsa nkhani, ena ndi a mipingo, ena a mabungwe a anthu wamba omwe ambiri ali mu FORCOM, mgwirizano wa mawailesi a m'madera. Ku Ulónguè ilipo, ku Furancungo ilipo. Amenewa ndiwo ine ndimawakonda kwambiri, chifukwa ndi pomwe umamva kuti ng'ombe ziwiri zasochera chakuti, mwana wapezeka pa msika akulira, maliro a agogo akuti aikidwa mawa abale a kutali fulumirani, alangizi akuti mbozi zayamba m'chimanga yenderani minda. Amene akulankhulayo ndi mwana wa pamudzi pomwepo, mawa ukumana naye pa chigayo, akanama umufunsa. Uthenga wa pa WhatsApp woti katemera amaumitsa chiberekero ukafunsa ndani, poti ngakhale anauyambitsa sadziwika?

Sindikuti zonse zili bwino. Masiku ena nyimbo ndi moni zimachuluka kuposa nkhani, ndipo pali nkhani zina zokhudza akuluakulu zomwe owulutsa amazizungulira chifukwa cha mantha. Ambiri mwa achinyamata owulutsa pa mawailesiwa amagwira mongodzipereka, chipangizo chikapsa ndi mphenzi wailesi imatha masabata ili zii. Zimandipweteka, chifukwa ife omvera timadziwa kudandaula koma kulipira kachilengezo kapena kuimba foni pa pologalamu ya alimi nkunena vuto lenileni la m'mudzi timachita ulesi.

Ndiye chita chonchi. Gula wailesi ya sola yomwe imalolanso mabatire, ikhale ndi FM ndi AM zonse, siidya ngakhale theka la ndalama ya foni ija. Usaitumize pa minibasi ayi, pita nayo wekha, ukakhale nawo pakhonde madzulo musakasake limodzi pomwe pali ya Ulónguè ndi ya Tete, ukaike kachizindikiro ndi cholembera pagalasipo, nkuwapempha kuti nthawi ya nkhani ndi zilengezo azitchera pamenepo, zikatha abwerere kwa anzawo a ku Malawi. Ukadzapeza ndalama ina uwagulire kafoni ka mabatani kotchipa, kokwanira kukuimbira iwe ndi kuimbira ku wailesi.

FUNSO

Amalume ine ndi mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Furancungo koma nyumba yathu ili kumunsi kudambo. Wailesi yanga ndikapita nayo kumunda wa kumtunda imamveka bwinobwino koma ndikafika pakhomo imangoti shiii, mawu akubwera akupita. Ana akuti yatha ndigule ina. Nzoona?

Mayi wa ku Macanga

YANKHO

Mayi, musagule ina, wailesi yanu ili moyo. Mawu a FM amayenda molunjika kuchokera pa mlongoti wa siteshoni, pafupifupi ngati kuwala kwa tochi, ndiye phiri likaima pakati inu muli kudambo mumakhala ngati muli mumthunzi, nchifukwa chake kumtunda ikumveka. Pezani waya wautali, ngakhale wochotsa ku chingwe chakale cha magetsi, mbali imodzi mumange pa eriyo ina muikweze pa nsungwi yaitali panja, ndipo muziyesa kutembenuza eriyoyo pang'onopang'ono mpaka mawu atayera. Kukayamba ziphaliwali muzichotsa wayayo pa wailesi, izi musaiwale chonde.

Onaninso mabatire, akafooka shiii uja amachuluka. Ngati muli ndi sola pakhomo, matchaja ena otchipa ndi mababu ena amalowetsa phokoso mu wailesi, tayesani kuzimitsa kaye kapena kuikhazika patali mumve kusiyana kwake. Usiku yesani mbali ya AM, imeneyo dzuwa likalowa imafika kutali ndipo mapiri saitchinga ngati FM. Ngati ana ali ndi foni yokhala ndi wailesi auzeni alowetse mahedifoni, chingwe chakecho ndicho chimagwira ntchito ya eriyo. Mukayesa zonsezi mundilemberenso mundiuze kuti ndi iti yomwe yayamba kumveka pakhomopo.