Foni ya achimwene ku Cabo Delgado sikupezeka

Mayi wina wanditumizira imelo. Achimwene ake amagwira ntchito ku Cabo Delgado, chigawo chakumpoto kwa Mozambique kumene kuli nkhondo ya zigawenga, ndipo patha sabata foni yawo isakupezeka. Akufunsa ngati kumadera kumene boma lilibe mphamvu netiweki imakhalako n'komwe.

Mayi, musafulumire kuganiza za maliro. Kumalo a nkhondo nsanja ya netiweki imafa msanga kuposa anthu. Magetsi akaduka imadalira mabatire kwa maola ochepa, kenako jenereta, ndipo jenereta imafuna dizilo. Ndani angayendetse galimoto ya dizilo pamsewu umene zigawenga zimatchera anthu? Chinanso, nsanja zakumudzi zimapatsirana mauthenga kudzera pa timbale tija timaoneka pamwamba pake. Imodzi yapakati ikawotchedwa, zonse zakutsogolo kwake zimangoti zii ngakhale zili zabwinobwino. Ku Palma, tauni ya ku Cabo Delgado komweko, pa 24 Malichi 2021, mafoni anaduka tsiku lomwelo zigawenga zitalowa m'tauni. 

Koma kunena kuti kumene kulibe boma kulibenso netiweki n'kulakwitsa. Ku Somalia, gulu la zigawenga la al-Shabaab linalamula mu 2014 kuti intaneti yapafoni itsekedwe, koma kuimbirana kunapitirira, chifukwa nawonso amaifuna foni. Komabe, nthawi zina omenyana amazimitsa netiweki dala. Ku Sudan, mu Febuluwale 2024, netiweki za Zain, MTN ndi Sudani zinazima pafupifupi dziko lonse, anthu n'kumalipira pa ola kuti alumikize pa Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti. Ku Tigray, m'dziko la Ethiopia, netiweki inakhala yotseka zaka pafupifupi ziwiri kuchokera mu Novembala 2020. Ndimakana zoti kuzimitsa netiweki kumafooketsa zigawenga. Iwo ali ndi mawayilesi awoawo. Wovutika ndi mayi amene sangalandire ndalama pafoni, sangachenjezedwe kuti msewu wakutiwakuti asadutseko. Ndi nkhanza, kaya wazimitsa ndi boma kaya ndi a kutchire.

Zoti muchite

Tumizani SMS, osati WhatsApp yokha. SMS imadikira kwa masiku angapo ndipo imalowa ngakhale netiweki itabwera mphindi imodzi. Akadzapezeka, auzeni akhale ndi ma SIM awiri, a makampani a ku Mozambique a Movitel ndi Vodacom, aike foni pa 2G kuti batire lisathe msanga, ndipo mugwirizane tsiku ndi ola loimbirana. Musawafunse pafoni kumene kuli asilikali kapena zigawenga, chifukwa pa malodibuloko mafoni amasechedwa. Mukaona kuti masiku akuchuluka, pitani ku ofesi ya Malawi Red Cross Society muli ndi dzina lawo lonse, chithunzi ndi dzina la malo amene anali komaliza. A Red Cross ali ndi ntchito yofufuza achibale otayana chifukwa cha nkhondo, ndipo salipiritsa.