Kodi apolisi a ku America amagwiradi zigawenga msanga chonchi?

Mayi ena andilembera imelo. Akuti sagona asanaonere masewero a apolisi a pa TV, CSI kapena Law & Order, ndiye akufunsa ngati n'zoona kuti ku America wopha munthu amagwidwa m'masiku awiri okha, komanso ngati lilipo sewero loonetsa ntchito ya apolisi mmene ililidi.

Mayi, n'zabodza zambiri. CSI, yomwe inayamba mu 2000 ndipo nkhani zake zimachitikira ku Las Vegas, anaikonza kuti mlandu uzitha pulogalamu isanathe. Katswiri atola katsitsi kamodzi, akaika pa makina, posakhalitsa kompyuta yatulutsa nkhope. Zenizeni n'zakuti zotsatira za DNA zimatenga milungu, mwina miyezi, poti m'malabotale milandu imachita kuunjikana. Ndipo pakati pa 2020 ndi 2022 pafupifupi theka la milandu ya kupha m'dzikomo linkangozilala popanda womangidwa.

Law & Order ya Dick Wolf, yomwe inayamba mu 1990 ku New York, imayesetsako. Mawu aja wapolisi amauza munthu pom'manga, akuti ali ndi ufulu wosayankha, ndi enieni: anachokera ku chigamulo cha khoti lalikulu la dzikolo pa mlandu wa Miranda mu 1966. Koma mikangano ya maloya m'khoti ija ndi yosowa. Ambiri opezeka olakwa, opitirira 90 pa 100 alionse, amangovomera mlandu pogwirizana ndi boma kuti chilango chichepe.

Ngati mukufuna zoona, funani The Wire. Inaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya HBO kuyambira 2002 mpaka 2008, zigawo 60 zogawidwa m'zaka zisanu, zonse za mumzinda wa Baltimore. Anaiyambitsa David Simon, yemwe anali mtolankhani wa milandu ku nyuzipepala ya Baltimore Sun, pamodzi ndi Ed Burns, yemwe anagwirapo ntchito ya upolisi wofufuza za kupha kenaka n'kukhala mphunzitsi. Anthuwa ankalemba zomwe anaziona ndi maso. Apolisi a m'seweroli amalimbana ndi kusowa kwa zipangizo, amadikira chilolezo cha woweruza kuti amvetsere mafoni, ndipo mabwana awo amasinthasintha ziwerengero kuti umbanda uoneke ngati watsika. Ogulitsa mankhwala osokoneza bongo nawo si zilombo ayi, ali ndi azigogo awo, mantha awo, ngakhale misonkhano yawo ya bizinesi. Mmodzi wa iwo, Stringer Bell, amapita kukoleji kukaphunzira za chuma. Amene amasewera malo akewo ndi Idris Elba, mnyamata wa ku London, ngakhale simungamudziwe pa kalankhulidwe.

Chomwe ndimaikondera kwambiri n'chakuti chaka chilichonse imatsegula khomo lina la mzindawo: poyamba m'makwalala, kenaka kudoko, kwa andale, kusukulu, pomaliza kunyuzipepala. Chaka chachinayi, chotsatira anyamata anayi a sukulu, n'chomwe chimapweteka mtima. Chachisanu kwa ine chinafookerapo.

Ndikuchenjezeni zitatu. Imayamba pang'onopang'ono, moti ambiri amaisiya pa chigawo chachiwiri mlandu usanafike n'pomwe. Chingerezi chake ndi cha m'misewu ya Baltimore, chovuta kumva, choncho yatsani mawu olembedwa pansi aja. Mukamaonera, ana akhale atagona, chifukwa muli kutukwana ndi magazi.