Amalume akufuna kugulira ana PlayStation, koma anawo ali ndi zaka 4 ndi 7

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Lilongwe. Iye analemba kuti: "Ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 7, wamng'ono wa zaka 4. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akufuna kudzawabweretsera makina osewerera magemu pa Khirisimasi. Andiuza kuti ndisankhe pakati pa PlayStation 5, Xbox ndi Nintendo Switch, ngakhale iwowo mtima wawo uli pa PlayStation. Ine zinthu zimenezi sindizidziwa. Ndiwauze chiyani?"

Amayi, auzeni abweretse Nintendo Switch.

Choyamba chimene ndimayang'ana posankhira mwana wamng'ono ndi magemu amene angathe kusewera asanadziwe kuwerenga, ndiponso osalira mphindi zisanu zilizonse chifukwa choluza. Apa Nintendo alibe mnzake. Tengani Mario Kart 8 Deluxe, gemu ya mpikisano wa timagalimoto. Muli malo oti mutchere kuti galimoto iziyenda yokha osadina batani la liwiro, ndiponso kuti izidziwongola ikafuna kugwera kunja kwa msewu. Zimenezi zikutanthauza kuti wa zaka 4 uja akhoza kumaliza mpikisano limodzi ndi mkulu wake, inunso muli pompo, chifukwa anthu anayi amatha kusewera pa TV imodzi. Yoshi's Crafted World ya 2019 ili ndi njira yofewa yopatsa kanyama ka m'gemumo mapiko kuti mwana asamagwere m'maenje. Super Mario Odyssey imaika mivi pansi yosonyeza kolowera. Magemu amenewa sapezeka pa PlayStation kapena pa Xbox, ndi a Nintendo okha.

Sindikunyoza PlayStation 5. Ndi makina amphamvu, ndipo Astro Bot ya 2024 ndi gemu yokoma kwa ana. Koma magemu ambiri amene anthu amaigulira ndi a achinyamata ndi akuluakulu, khontirola yakenso imadzaza manja a munthu wamkulu, kakhanda ka zaka 4 sikafikira mabatani onse. Ndikuganiza kuti amalume akuganizira za mpira, uja tinkautchula FIFA ndipo kuyambira 2023 ukutchedwa EA Sports FC. Mpirawo uliponso pa Switch, ngakhale zithunzi zake sizifika pa za PlayStation. Xbox Series S ndi yotsikirapo mtengo koma ilibe polowetsa disiki, gemu iliyonse muyenera kuikopera pa intaneti, ndipo gemu imodzi yaikulu ikhoza kudya magigabaiti makumi angapo. Ndi mtengo wa mabandulo kuno kwathu, imeneyo isiyeni.

Palinso nkhani ya magetsi, imene achimwene anu mwina aiwala. PlayStation 5 imakoka mawati pafupifupi 200 ikamaseweredwa, ndipo magetsi akathima zathera pomwepo. Switch ili ndi batire ndi sikirini yakeyake. Magetsi akapita mumangoizula pa kachipangizo kolumikiza ku TV, ana n'kupitiriza m'manja kwa maola angapo. Imatchajidwa ndi USB-C, ndiye ngakhale kasola ka pakhomo kakhoza kuitha.

Ma Switch alipo angapo, ndiye musangoti "Switch" basi. Yoyamba inatuluka mu March 2017. Switch Lite ya 2019 ndi yaing'ono komanso yotchipa, koma silumikizika ku TV ndipo makhontirola ake sachoka. Kwa mwana mmodzi ndi yabwino. Kwa ana awiri ndiye kuti mwagula ndewu ya tsiku ndi tsiku, wina atagwira wina akusuzumira paphewa. Yoyamba ija, kapena ya sikirini yowala bwino yotchedwa OLED ya 2021, imabwera ndi timakhontirola tiwiri totchedwa Joy-Con timene timachoka, aliyense n'kugwira kake. Switch 2 inatuluka pa 5 June 2025 ndipo imasewera magemu ambiri a yakale ija, koma ndi yodula, ana a msinkhu umenewu sangaone kusiyana kwake. Amalume akaumirira yatsopanoyo asamale pogula magemu, chifukwa timakadi tina ta Switch 2 timangokhala ngati kiyi, gemu yeniyeniyo mumakakoperabe pa intaneti.

Magemu agule a timakadi, aja a m'kabokosi. Ambiri safuna bandulo kuti ayambe, ndipo mukhoza kusinthana ndi anzanu. Timakadito n'tating'ono ngati sitampa, moti Nintendo anatipaka mankhwala owawa kwambiri kuti mwana akaika m'kamwa alavule. Tisungeni nokha, timasowa msanga.

Pa bokosi lililonse pamakhala nambala ya zaka. Za ku Ulaya zimalembedwa PEGI 3, 7, 12, 16 kapena 18, za ku America zimakhala ndi zilembo monga E (aliyense), T (achinyamata) ndi M (akuluakulu). Kwa ana anu khalani pa 3 ndi 7. Nambalayo siikuuzani zonse ayi. Mpira uja wa 2023 anaulemba kuti ndi woyenera ana, koma m'kati mwake muli gawo logula osewera ndi ndalama zenizeni mongoyerekeza mwayi. Chonde musalowetse khadi yanu ya kubanki m'makinawo, ndipo Fortnite ndi magemu ena ocheza ndi anthu osawadziwa adikire kaye.

Pa foni yanu ikani pulogalamu yaulere yotchedwa Nintendo Switch Parental Controls. Mumatchera nthawi yosewera patsiku, mumaona zimene asewera, ndipo mukafuna gemu imaima yokha nthawi ikakwana. Ndimaikonda chifukwa amene amaletsa mwana amakhala makina, inu simukhala mdani madzulo alionse. Wamng'onoyo theka la ola lamukwanira, makamaka inu mutakhala naye pafupi.

Vuto lodziwika la Switch ndi kandodo kowongolera ka pa Joy-Con, kamene pakapita nthawi kamayamba kuyenda kokha. Amalume awonjezere khontirola ina yapadera, galasi loteteza sikirini ndi kachikwama kolimba. Asananyamuke ku Joni ayatse makinawo, awalumikize pa intaneti yawo kuti zonse zofunika kukonzedwa zilowe konko, alowetsenso gemu iliyonse kamodzi. Chaja yake idzabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu aja a makona, ndiye adzatenge ndi adaputa yomwe kuti tsiku la Khirisimasi ana asadzadikire mashopu atsegule.