Ulosi wa mvula ndi ng'ombe zanga

Funso: Akonzi, ndili ndi ng'ombe 14 kuno ku Santhe. A zanyengo akalengeza kuti mvula idzachepa, kodi ndigulitse ziwetozi nthawi yomweyo? Chaka china ananena chomwecho koma madambo anadzaza.
Mlimi wa ku Kasungu

Yankho: Bambo, musathamangire kumsika. Ulosi umene Nthambi ya Zanyengo imatulutsa dzinja lisanayambe sulonjeza kanthu pa mudzi wanu; umangonena kumene mwayi wapendekera m'dera lalikulu, n'chifukwa chake dambo lanu likhoza kudzaza pamene anzanu a ku Chamama akulira ng'amba. Komabe kuunyoza n'kulakwa, pakuti El Niño, amene amayamba nyanja ya Pacific ikatentha mopitirira, anadziwika mvula ya 2023/24 isanagwe, ndipo pofika Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba imene El Niño anabweretsa.

Mwayi wa mlimi wa ng'ombe ndi wakuti njala ya ziweto imachedwa. Chimanga chimafota mu Febuluwale, koma ng'ombe zimayamba kuonetsa nthiti m'chilimwe chotsatira, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itabwerera, choncho ulosi umakupatsani miyezi yambiri yokonzekera. Yambani ndi zimene sizingakutayitseni ndalama ngakhale mvula itagwa bwino: bzalani nsenjere m'mphepete mwa dimba, mwetani udzu usanakhwime n'kuufutsa pamthunzi, ndipo pokolola musatenthe mapesi kapena kusiya m'munda zotsalira za mtedza ndi soya, zomwe kwanuko n'zosasowa. Werengerani bwino, chifukwa ng'ombe yolemera makilogalamu 250 imadya pafupifupi makilogalamu 6 a chakudya chouma patsiku, kutanthauza makilogalamu 900 pa miyezi 5. Madeya nawonso gulani nthawi yokolola, asanakwere mtengo.

Za kugulitsa muganize mu Epulo kapena Meyi, mutaona ndi maso mmene msipu ndi madzi a mu Bua zilili, ng'ombe zikadali zonenepa. Zokalamba ndi zimene zinasiya kubereka zitsogole, misoti ndi zokoka ngolo zitsale. Ndikudziwa kuti kwa ambiri khola lodzaza ndi ulemu, koma ogula amadziwa bwino kuti mu Novembala mwini ng'ombe yowonda alibe mphamvu yokana mtengo.

Ulosi wa boma lanu mukaufunse kwa alangizi a ziweto, ndipo muzimvetsera pa wailesi pamene a zanyengo akuukonzanso dzinja lili mkati.