Yambani ndi denga achemwali, galimoto ibwere pambuyo

Achemwali, nkhani yanu ndaimva. Mwasunga ndalama, mukufuna galimoto yoti inayendapo kale, komanso nyumba ikufuna mmisiri: denga likudontha, ndipo kubafa ndi kukhitchini mukufuna matailosi. Mantha anu ndi akuti wogulitsa galimoto akuberani pamtengo, mmisiri naye adzakusiyirani ntchito panjira ndalama zitatha. Ena akuuzani kuti mupite ndi munthu wamwamuna. Ine sindikuona kuti mankhwala ake ndi amenewo, chifukwa amuna omwe amapusitsidwa tsiku ndi tsiku. Wogulitsa galimoto ndi mmisiri amafanana pa chinthu chimodzi: onse amakumverani bwino ndalama zikadali m'manja mwanu. Mukangopereka, foni imayamba kungoitana osayankhidwa. Ndiye zonse zofunika kukambirana, kuyeza ndi kulemba zichitike musanatulutse ndalama.

Musayambe ndi galimoto. Mtengo wa galimoto mumaudziwa tsiku lomwe mwagula, koma wokonzetsera nyumba umadziwika ntchito ikatha. Galimoto mukaichedwetsa miyezi itatu palibe chowonongeka, pomwe denga lodontha silidikira munthu: madzi amawoletsa matabwa, siling'i imafufuma n'kugwa, chinyezi chimafika pa mawaya a magetsi. Pezani kaye mtengo wa ntchito ya nyumba, muwonjezerepo maperesenti 15 mpaka 20 a zinthu zadzidzidzi, ndalama imeneyo muiike padera. Yotsalayo ndiye ya galimoto, ndipo m'menemo muchotseretu ya inshuwalansi, yosinthira umwini ndi ya sevisi yoyamba.

Zadzidzidzizo musazione ngati zongoopseza. M'nyumba yakale, mmisiri akasasula malata ndi pamene mumaona kuti matabwa ena anadyedwa ndi chiswe. Akagumula pansi pa bafa ndi pamene paipi yadzimbiri imaonekera. Ngakhale akatswiri enieni amaphonya. Nyumba yotchuka ija ya Sydney Opera House ku Australia ankati itha mu 1963, inatha mu 1973, ndipo inadya ndalama pafupifupi maulendo 14 kuposa zomwe anawerengera poyamba. Bafa lanu silifika pamenepo, koma musamapange bajeti yothera ndendende pa kotesheni.

Musanaitane mmisiri aliyense, khalani pansi mulembe nokha ntchito yomwe mukufuna, chipinda ndi chipinda: kusintha malata angati, matailosi pansi pokha kapena ndi khoma lomwe, mpaka kutalika kotani, penti ulendo umodzi kapena iwiri, zinyalala adzachotsa ndani. Pepala limodzi lomwelo mupatse amisiri atatu. Anthu ambiri amafunsa amisiri atatu pakamwa, aliyense n'kumva zake, kenako amafanizira mitengo ya ntchito zitatu zosiyana. Muwauze kuti ndalama ya ntchito ya manja ilembedwe payokha, ya zipangizo payokha, ndipo zipangizozo zitchulidwe kuchuluka kwake ndi mtundu wake. Mzere wongoti "zipangizo zonse" ndi pobisalira. Kotesheni yomwe yatsika kwambiri kuposa ziwiri zinazo muiyang'anitsitse kawiri. Nthawi zambiri mwiniwakeyo wasiya dala zinthu zina kuti apeze ntchito, podziwa kuti denga likasasulidwa simungamuthamangitse akadzanena kuti ndalama yachepa.

Pa kalipiridwe m'pamene ndikufuna mulimbe mtima. Musapereke theka la ndalama ntchito isanayambe, ngakhale mmisiriyo akhale woti mumapemphera naye. Dipoziti ikhale yochepa, yotsalayo muigawe m'magawo omangirira pa ntchito yooneka ndi maso: denga likatha, mapaipi ndi mawaya zikaikidwa n'kuyesedwa, matailosi akamatidwa. Osati "Lachisanu lililonse", chifukwa Lachisanu limafika ngakhale ntchito isanasunthe. Kumapeto gwirani maperesenti 5 mpaka 10 kwa nthawi yomwe mwagwirizana, kuti denga liyambe lakumana ndi mvula, mipope iyambe yagwira ntchito. M'makontirakiti akuluakulu a zomangamanga amachita chimodzimodzi, ndiye mmisiri wodziwa ntchito yake sadabwa nazo. Zonsezi zilembedwe, nonse musaine, aliyense asunge lake.

Komanso ndinene chilungamo, si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala mmisiri. Mawu omwe amatha ndalama za eni nyumba ndi akuti "poti mwabwera kale". Poti mwabwera kale, tangosunthirani chitseko ichi uko. Poti mwabwera kale, tawonjezerani soketi apa. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake, ndipo mukapanda kuufunsa nthawi yomweyo mudzaumva kumapeto mutakwiya. Mukafuna kusintha kanthu, funsani mtengo kaye, ulembedwe ngakhale pa uthenga wa pafoni, kenako agwire.

Ntchito iyende kuchokera kumwamba kutsika pansi, zobisika ziyambe: denga, kenako mapaipi ndi mawaya, pulasitala, matailosi, penti pomaliza. Mukamata matailosi mapaipi asanayesedwe ngati sakudontha, mudzawagumula nokha. Matailosi gulani oposa muyeso ndi maperesenti 10 chifukwa ena amadulidwa, ena amasweka, ndipo onani pa makatoni kuti nambala ya batch, yosonyeza gulu lopangidwira limodzi, ndi imodzi. A dzina lomwelo opangidwa nthawi ina amasiyanako mtundu, zimaonekera akakhala pansi. Simenti musaigule yonse pakamodzi n'kuiunjika, ikakhalitsa makamaka pachinyezi imachita mibulu n'kutha mphamvu. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake amaiyeza pa masiku 28, choncho mmisiri wokuuzani kuti dikirani sikuti ndi waulesi. Ngati denga lakalelo ndi la asbestos, musalole kuti alidule ndi makina kapena kuliphwanya mwachisawawa, fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo; limenelo limafuna anthu odziwa kuchotsa kwake.

Tsopano galimoto. Musanapite kukaona, sankhani mtundu umodzi kapena iwiri yomwe masipeyala ake savuta kupeza kumene muli, ndipo muone mitengo ya galimoto zingapo za mtundu womwewo, chaka chomwecho, makilomita ofananako. Chifukwa chake n'chakuti nambala yoyamba kutchulidwa imakoka maganizo a munthu. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anaonetsa zimenezi mu 1974: munthu akamva nambala, ngakhale yopanda maziko, zomwe amayerekezera pambuyo pake zimayandikira nambala imeneyo. Wogulitsa amatchula mtengo wokwera dala, inu mukanenerera n'kutsitsako pang'ono mumabwerera kunyumba mukusangalala, chonsecho mwalipira mopitirira. Mukafika muli ndi nambala yanu ya pamsika, yake ija sikugwirani. Lembaninso penapake malire omwe simudutsa, ndipo musamuuze. Akafunsa kuti "muli ndi zingati?", yankhani kuti "tione kaye galimotoyo".

Kaoneni masana, isanalizidwe. Muuzeni wogulitsa kuti asailize mpaka mufike, mukafika gwirani pa boneti. Ngati pali potentha, funsani chifukwa chake, poti injini yovuta kulira m'mawa imalira bwinobwino ikatenthetsedwa. Wina ailize inu mutaima kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wambiri wosatha ngakhale injini itatentha umasonyeza kuti madzi akulowa mosayenera, kawirikawiri gasiketi yapsa. Wakuda ndiye kuti mafuta sakupsa bwino. Pa dashibodi, mukatembenuza kiyi magetsi ochenjeza ayake onse, injini ikalira azime. Nyali ya injini yomwe siyaka n'komwe mwina inachita kuzimitsidwa dala. Yang'anani mipata ya pakati pa zitseko ndi boneti ngati ili yofanana mbali zonse, ndi penti ngati sikusiyana chitseko china ndi chinzake. Kwezani kapeti wa m'buti mununkhize chinyezi. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yotsukidwa mpaka injini kuwala imandichititsa kufunsa kuti akubisa kudontha kwa chiyani.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. M'mayiko ambiri mizereyo siyenera kuchepera mamilimita 1.6. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Afanizireni ndi mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zaperesekera, komanso ndi mapepala a sevisi. Nambala ya chasisi, yomwe pa galimoto zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17, iwerengeni pa galimoto penipenipo muifanizire ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo. Dzina la pa mapepala lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akugulitsayo, ndipo mutsimikize kuti galimotoyo si chikole cha ngongole ina. Izi zikasemphana, palibenso zonenerera, bwererani.

Kenako makaniko, wanu osati wa wogulitsa, ndipo mumulipire nokha. Aikweze aone kunsi, alumikize kompyuta yake pa soketi ya OBD, yowerengera mavuto a galimoto, yomwe imakhala kunsi kwa chiwongolero, muiyendetse mpaka itenthe, pamsewu wosalala ndi wamabampu womwe, wailesi itazimitsidwa. Afunse ngati timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka m'kati mwa injini, inasinthidwa, ngati injiniyo ndi ya lamba osati tcheni. Pa injini zambiri lamba ameneyu akaduka amawononga mavavu. Wogulitsa wokana kuti makaniko aione wakuuzani kale zonse.

Zomwe makaniko wapeza ndiye zonenerera zanu. Kungoti "tsitsaniko bwana, zinthu zavuta" kulibe mphamvu, aliyense amatero. Koma mukati "matayala awiri ndi a 2017, mabuleki akutsogolo atha, lamba palibe umboni woti anasinthidwa, makaniko wawerengera zakutizakuti, ndiye ine ndipereka mwakuti", mwamupatsa chinthu choti ayankhe. Mukatchula nambala yanu, khalani chete. Ambiri amachita manyazi ndi bata limenelo n'kuyamba kudzikwezera okha mtengo. Akakana, musakangane naye, siyani nambala ya foni muzipita. Za "pali wina akubwera nayo ndalama madzulo ano" muzimva paliponse. Ngati alipodi, agule, galimoto za mtundu umenewo sizinathe padziko. Dziwaninso ngati mukulankhula ndi mwiniwake kapena dobadoba, chifukwa wapakatiyo amaikapo yake pamwamba. Ndipo musatumize dipoziti "yogwirira" galimoto yomwe simunaione ndi maso.

Munatchulanso kuti mwina muwonjezera ndi ngongole. Pamenepa chenjerani ndi funso loti "mungakwanitse zingati pamwezi?" Gwirizanani kaye mtengo wonse wa galimoto, za ngongole zibwere pambuyo. Taonani chitsanzo: pa chiwongoladzanja cha maperesenti 24 pachaka chowerengera pa ngongole yotsala, pa 100 iliyonse yomwe mwabwereka mudzabweza pafupifupi 141 mukatenga miyezi 36, koma pafupifupi 173 mukatenga miyezi 60. Ya pamwezi imatsika, mumapuma, koma yonse pamodzi yakwera kwambiri. Funsaninso ngati chiwongoladzanjacho ndi cha flat rate, chomwe amawerengera pa ndalama yonse yoyamba ija mpaka kumapeto ngakhale mukubweza. Maperesenti 12 a mtundu umenewu pa zaka zitatu amafanana ndi pafupifupi 21 a mtundu winawo. Funso lake ndi limodzi: "ndikadzamaliza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi, kuphatikizapo zolipiritsa zina zonse?" Akulembereni.

Tsiku lolipira, lipirani kudzera kubanki kuti pakhale umboni, mu akaunti ya dzina lomwe lili pa mapepala, ndipo kalata yogulitsirana ikhale ndi nambala ya chasisi, makilomita a tsikulo ndi mtengo. Makiyi onse ndi mapepala osinthira umwini mulandire tsiku lomwelo, osati "mawa". Makotesheni a nyumba aja mukawapeza, ajambuleni mutabisa mayina ndi manambala a foni munditumizire, tiwaone limodzi mzere ndi mzere musanasankhe.